Za Nyimbo za Madzi ndi Ndeu za Anthu

Mwezi uno ndifuna kukamba nanu za chinthu chimene tonse tichimva masiku onse, koma owerengeka okha ndiwo amaima kuti achilingalire. Chinthucho ndi ichi: munthu wopeka nyimbo kapena ndakatulo akafuna kunena za ndeu ya anthu, kawiri kawiri sachula mkondo kapena bwalo la milandu, koma achula mvula, mphenzi, chilala ndi mtsinje wodzala. Mkazi wosautsidwa pabanja aimba za mphepo yosasula denga. Mlakatuli wa mu mzinda, poona dziko lache liri m'manja a munthu woopsa, alemba za phiri logumuka. Kodi achitiranji chomwecho? Kodi mau olunjika anawasowa? Ine ndinabadwira kuno kwa Makhuwira, kutsidya la kum'mawa kwa Shire, ndipo ndiyesa kuti ife a m'chigwa tingathe kuyankha funso ili koposa anthu ambiri, pakuti zimene ena aziwerenga m'buku ife tiziona pa zipupa za nyumba zathu, pamene madzi anasiya mzere wao.

Poyamba tiyang'ane malo amene tikhalamo. Kum'mawa kwathu kuli mapiri a Thyolo, oima ngati khoma. Kumadzulo kuli Shire ndi dambo lalikuru lija Azungu analicha Elephant Marsh, chifukwa cha njobvu zambiri zimene Livingstone anaziona momwemo m'chaka cha 1859. Pakati pache pali ife, ndi minda yathu ya kumphala ndi ya kudimba. Mitsinje yotsika m'mapirimo, monga Nkhate, Livunzu ndi Mapelera, m'mwezi wa Okutobala mwana angathe kuioloka osanyowa m'maondo. Koma mwana yemweyo aphunzira msanga kuti madzi akupha sachokera mu mtambo wa pamwamba pa mudzi wache. Kuno kungakhale dzuwa loswa mtengo, mbuzi ziri kudya, ndipo mvula iri kugwa kutali pamwamba pa mapiri, kumene ife sitiiona. Patapita nthawi pang'ono timva mkokomo, ndipo mtsinje uja wouma wafika ndi mitengo, miyala ndi matope.

Apa ndipo pagona chifukwa choyamba. Ndeu ya anthu iyenda monga madzi amenewa ayendera. Mau oipa anenedwa pa mowa, ku mudzi wina, chaka china. Akomana ndi mau ena ang'ono ang'ono, monga timakwawa tikomana m'phiri. Ndipo tsiku limene atsikira m'chigwa agwera anthu amene sanalankhule kanthu, ndiwo ana ndi nkhalamba. Makolo athu anachiona ichi, nachiika m'miyambi. Anati madzi saiwala khwawa, ndiko kunena kuti udani umene unapitapo pakati pa mabanja awiri udzapitanso pomwepo, ngakhale mutamangapo nyumba ndi kubzalapo nthochi. Anatinso mtsinje wa Tinkanena unathera mu Siizi, pakuti wokana uphungu kumtunda adzalira kumathiriro. Anati walira mvula walira matope, kuchenjeza munthu woputa mlandu kuti adzasenza ndi zotsatira zache zomwe. Tsono woimba akati ndeu ndi mtsinje, ali kutiphunzitsa kayendedwe kache: kumene iyambira, m'mene ikulira, ndi amene iwakokolola.

Amene muli ndi Buku Lopatulika tsegulani Oweruza, mutu 4 ndi mutu 5, ndipo mudzapeza nkhondo imodzi yokambidwa kawiri. Mutu 4 ukamba monga mboni pabwalo: Sisera anali ndi magareta achitsulo 900, Baraki anatsika pa phiri la Tabori ndi amuna 10,000, ndipo ankhondo a Sisera anagonja. Mutu 5 ndiyo nyimbo ya Debora, ndipo m'menemo mulowa zimene mboni ija sinazichule, ndizo mitambo yokhetsa madzi, nyenyezi zolowa m'nkhondo, ndi mtsinje wa Kisoni wokokolola adani. Ife tidziwa chimene chichitika kwa chinthu cholemera cha magudumu chikalowa m'dothi la makande mvula itagwa, popeza taona magalimoto akuru atatitimira pa mseu wathu uno masiku ambiri. Chida chimene Sisera anachikhulupirira ndicho chinasanduka msampha wache, ndipo nyimbo inatiuza zimenezo ndi dzina limodzi la mtsinje. Yesaya nayenso, pa mutu 8, pofuna kuchenjeza za mfumu ya Asuri, anaifanizira ndi mtsinje waukuru wosefukira magombe ache onse kufikira madzi afika m'khosi. Munthu amene anaimapo m'madzi ofika m'khosi, atanyamula mwana pamutu, safuna mphunzitsi womumasulira mau amenewo.

Chifukwa chachiwiri ndi chakuti ziripo zoipa zina zazikuru, zosakwana m'mau a pabwalo. Tiri nacho chitsanzo chathu m'chigwa muno, ndicho mbiri ya Mbona, amene kachisi wache ali m'nkhalango ya Khulubvi m'boma la Nsanje. Sindiikamba kuti wina akathire nsembe kumeneko, koma kuti tione luso la makolo posunga zowawa zao. Okamba mbiriyi asiyana pa maina ndi malo, koma msana wache ndi umodzi. Kunagwa chilala, ndipo amene anali ndi udindo wa kuitana mvula analephera. Mnyamata Mbona anabvina, mvula nigwa. Koma pamodzi ndi mvulayo panadza nsanje ndi mlandu, ndipo iye anathawira kumwera, adani ali pambuyo. Atamgwira, zida zachitsulo zinakanika kumlasa, kufikira iye mwini anawaululira kuti kanthu kofewa ka m'thengo ndiko kangamuphe. Anamdula mutu, ndipo mwazi wache unayenda nusanduka mtsinje.

Wansembe wina wa ku Netherlands, Matthew Schoffeleers, amene anagwira nchito m'chigwa muno zaka zambiri, anasonkhanitsa makambidwe osiyanasiyana a mbiri imeneyi, nasindikiza buku lache lochedwa River of Blood m'chaka cha 1992. Iye anaona kuti pansi pa nthanoyi pagona chikumbukiro cha nkhondo zenizeni, za nthawi imene Lundu analimbitsa ufumu wache ndi mphamvu, pafupi ndi chaka cha 1600. Taonani tsono m'mene makolo anachitira. Akadati mfumu yakuti inapha munthu wakuti, mlanduwo ukadaiwalika pamodzi ndi mboni zache. Koma iwo anati mwazi unasanduka mtsinje. Mtsinje sutha, ndipo aumwa onse, mwana wa wakupha ndi mwana wa wophedwa. Ndiko kunena kuti wolamulira akapha wosalakwa, dziko lonse likhala likumwa mlandu umenewo mibadwo yambiri. Mau amenewa apyola mibadwo yambiri osalembedwa, chifukwa anamangidwa pa chinthu chimene maso a anthu achiona.

Ndipo tisayese kuti mtsinje wa mwazi ndi fanizo chabe. M'zaka za 1862 ndi 1863 kunagwa chilala choopsa m'chigwa cha Shire, pa nthawi yomweyo imene nkhondo ndi ogwira akapolo anali kupasula midzi ya Amang'anja. Livingstone pokwera mtsinje kumayambiriro kwa 1863 anaona mitembo ikuyandama tsiku ndi tsiku, ndipo m'mawa anthu ache anayamba achotsa mitembo yokodwa pa zopalasira za sitima asanayambe ulendo. Kodi anapha anthu amenewo ndani, dzuwa kapena anthu anzao? Chilala chinali chitabwerapo kale kambiri, ndipo makolo anali kupulumuka ndi kudimba, ndi nsomba, ndi nyika za m'dambo, ndi kusuma kwa abale a kumapiri. Koma chaka chimenecho nkhondo inatseka njira nitentha nkhokwe, kotero kuti dzuwa linangomaliza nchito imene anthu anaiyamba. M'mabwinja a masiku amenewo ndimo munadzuka maufumu a Akololo, amene anadza ndi Livingstone natsala m'chigwa muno. Mlakatuli wakale wa Agriki, Homer, zaka zoposa 2,500 zapitazo, anaimba za chinthu chofanana: ngwazi Achilles inapha anthu ambiri m'mtsinje wa pafupi ndi mudzi wa Troy, kufikira mtsinjewo, potsamwa ndi mitembo, unadzuka numthamangitsa. Anthu a maiko otalikirana, osadziwana konse, anapeza njira imodzi yonenera kuti kupha kwapyola muyeso: anati ngakhale madzi akana.

Chifukwa chachitatu ndi mantha, ndipo ichi amai athu achidziwa koposa abambo. Mkazi wokwatiwa sangathe kuima pakhomo ndi kudzudzula apongozi ache kapena mwamuna wache pamaso pa anthu. Koma pamtondo aloledwa kuimba. Ndikumbukira agogo anga akazi, posinja mapira, anali ndi nyimbo yao ya kamvuluvulu amene adza madzulo okha okha, nagubuduza miphika, nabalalitsa nkhuku, ndipo m'mawa afunsa kuti wagubuduza miphika ndani. Ife ana tinali kuseka ndi kubvomera, osadziwa kanthu. Akuru onse a m'mudzimo anadziwa kamvuluvulu ameneyo dzina lache ndi kumene anali kumwera kachasu. Koma panalibe mlandu, pakuti munthu sangapite kwa nyakwawa kukadandaula kuti anamuimba, osayamba wabvomera kuti kamvuluvuluyo ndiye. Kuphiphiritsa kotere ndicho chikopa cha wopanda mphamvu.

Alakatuli ophunzira a dziko lino anatenga chikopa chomwecho. David Rubadiri, amene anali kazembe woyamba wa Malawi ku America ndi ku United Nations, nasiya udindowo m'chaka cha 1965 chifukwa cha kusagwirizana ndi boma la Dr Banda, analemba ndakatulo yochedwa An African Thunderstorm, imene ana a sukulu aiwerenga m'maiko ambiri. M'menemo muli namondwe wodza kuchokera kumadzulo nagwera mudzi, ndi amai ndi ana m'mene amlandirira. Sachula Mzungu, kapena boma, kapena msonkho. Koma owerenga ambiri aona m'namondwe ameneyo kudza kwa ulamuliro wa Azungu ndi kusokonezeka kwa midzi. Chimene chiipatsa mphamvu ndi chakuti mwini wache anayamba wayang'anitsitsa mvula yeniyeni. Wosafuna kumva za ndale adzapezamo mvula yoona, ndipo wofuna kumva adzapezamo zonse ziwiri.

Woposa onse pa luso limeneli anali Steve Chimombo wa ku Zomba, amene anabadwa m'chaka cha 1945 namwalira m'chaka cha 2015. Makolo a kumapiri anati pansi pa phiri pagona chinjoka chachikuru, dzina lache Napolo, ndipo chikasamuka kunka kunyanja chigumula phiri ndi kukokolola zonse za pa njira yache. M'mwezi wa Disembala 1946 phiri la Zomba linagumuka ndi mvula yoopsa, madzi naononga milatho ndi nyumba napha anthu, ndipo onse anati Napolo wapita. M'masiku a chipani chimodzi, pamene lamulo la 1968 linapatsa bungwe la boma mphamvu ya kuletsa mabuku, ndipo munthu anali kutengedwa usiku chifukwa cha liu limodzi, Chimombo analemba ndakatulo za Napolo, zimene zinasonkhanitsidwa m'buku m'chaka cha 1987. Analembanso sewero la Mbona, lochedwa The Rainmaker, losindikizidwa m'chaka cha 1978. Woyesa mabuku anaona nthano ya makolo. Koma anthu amene mbale wao anasowa usiku, ndipo m'mawa anansi anaopa ngakhale kufunsa, anadziwa chinthu chokhala pansi pa nthaka, chosaoneka, chimene chidzuka osachenjeza ndi kusiya anthu akunong'onezana.

Tisayese kuti chikopa chimenechi sichibooka. Mnzache wa Chimombo pa sukulu ya Chancellor College, Jack Mapanje, amene buku lache la 1981 linachula birimankhwe pa mutu wache penipeni, monga kubvomera kuti mlakatuli asintha maanga kuti apulumuke, anagwidwa m'chaka cha 1987, nakhala m'ndende ya Mikuyu kufikira 1991 osaimbidwa mlandu pabwalo. Olamulira nao anakulira pafupi ndi mtondo, ndipo adziwa kumasulira nyimbo. Chotero amene anaimba za mphepo ndi zinyama m'zaka zimenezo anaika moyo wao pachiswe, ndipo tiyenera kuwakumbuka ndi ulemu.

Koma tsopano ndifika pa chimene chandilembetsa mau awa, pakuti m'luso lokomali muli msampha. Mvula iribe mlandu. Palibe nyakwawa anaitanapo mphenzi kubwalo. Tsono tikazolowera kunena kuti ndeu ndi chigumula, tingayambe kukhulupirira kuti ndeunso iribe mwini, kuti ingodza yokha monga nyengo, ndipo chotsala kwa ife ndi kuthawira pa chulu kufikira ipite. Mwamuna womenya mkazi wache akamuimba kamvuluvulu zaka makumi awiri, mudzi ungathe kuzolowera, numati ndi mphepo yache imeneyo, idzaleka yokha. Nyimbo ija inali yomchititsa manyazi isanduka yomkhululukira. Kamvuluvulu sangalape, koma munthu angathe, ndipo ankhoswe amene amva nyimbo yotere nangoseka asiya nchito yao.

Msampha womwewo uli ndi khomo lachiwiri. Monga tibisa munthu m'dzina la mphepo, momwemonso tingabise zochita za anthu m'dzina la Napolo. Taonani zaka zimene tapyola. M'mwezi wa Januwale 2015 madzi anachotsa anthu oposa 200,000 m'nyumba zao m'dziko muno, ndipo mtsinje wa Ruo unasiya njira yache nudzera m'midzi ya kufupi ndi Makhanga. M'Malichi 2019 anadzanso. M'Januwale 2022 namondwe Ana anagumula damu la magetsi la Kapichira, pamwamba pa Chikwawa, magetsi nakhala akuzimazima m'dziko muno miyezi yambiri. M'Malichi 2023 namondwe Freddy anagwetsa matope a phiri la Soche pa nyumba za ku Chilobwe, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndi oposa 600,000 anasiya makomo ao. Agogo athu anali kuwerenga zigumula zazikuru ndi mibadwo, ndipo ana athu aziwerenga ndi makalasi a sukulu.

Kodi Napolo wakwiya chiani masiku ano? Kwerani mseu wa ku Thyolo kapena wa ku Blantyre, muwerenge matumba a makala otsika pa njinga, ndipo muyang'ane zitsa m'malo m'mene munali nkhalango. Phiri lopanda mitengo siligwira madzi. Mvula imene kale inali kulowa pansi ndi kutsika pang'ono pang'ono mwezi wathunthu, tsopano itsika usiku umodzi, itasenza dothi la minda ya kumtunda. Dothi limenelo likwirira mitsinje yathu, kotero kuti khwawa limene linali lakuya kupyola munthu lero lifika m'chuuno, ndipo madzi osowa njira alowa m'mudzi. Koma tisafulumire kutukwana wa kumapiri. Iye alima pa therezi chifukwa malo abwino ambiri a ku Thyolo ali m'minda ya tiyi kuyambira masiku a atsamunda, ndipo aocha makala chifukwa a mu mzinda alibe china chophikira. Ndiponso akatswiri a za nyengo apeza kuti kutentha kwa dziko lonse, kochokera mu utsi wa mafakitale ndi magalimoto a maiko olemera, kuonjezera mvula ya anamondwe otere. Madzi amene alowa m'nyumba mwanga usiku asenza milandu ya anthu ambiri, ya malo, ya umphawi, ndi ya maiko amene sindinawaone.

Ndipo akaphwa asiya milandu yatsopano. A boma ati samukirani kumtunda, ndipo anena zoona, pakuti moyo uposa munda. Koma wa kudimba afunsa kuti kumtundako adzadya chiani, popeza chinyontho chiri kuno, ndipo chimanga cha m'chilimwe, mbatata ndi nyemba zimera pa matope amene madzi omwewo anasiya. Eni malo a kumtunda nao ali ndi ana ao ofuna minda. Wa kumapiri ati a m'chigwa akonda kulandira thandizo, wa m'chigwa ati a kumapiri atithira madzi. Onsewa ndi anthu osauka, ndipo aliyense agwira mbali imodzi ya choonadi. Mlakatuli amene aimba za Napolo yekha, osafika pa nkhwangwa, pa malire a minda ndi pa mau onyozana amenewa, waima pakati pa mtsinje.

Ndinaona ndi maso anga nyimbo imene inaoloka kufika tsidya. Madzi a 2015 ataphwa, amuna awiri a m'mudzi mwathu, ana a munthu ndi mlongo wache, anakangana za malire a dimba. Mtengo umene unali chizindikiro unapita ndi madzi, ndipo mchenga unakwirira mizere yonse. Mlandu unapita kwa nyakwawa kawiri osatha, ndipo anayamba kunka kumunda ndi zikwanje zonoledwa koposa m'mene nchito ifunira. Tsiku lina amai ali kupuntha mpunga, mai wina wachikulire, mbale wa onse awiri, anayambitsa nyimbo imene anaipeka yekha. Inali ya ng'ona ziwiri zolumana chifukwa cha mchenga wootherapo dzuwa, osadziwa kuti mchengawo unabwera ndi madzi a chaka chino ndipo udzapita ndi a chaka cha mawa; ndi kuti pamene zinali kulumana, mng'anzi anafukula mazira a zonse ziwiri. Pofika sabata lachiwiri ana onse anali kuiimba pa njira ya kusukulu.

Nyimbo imeneyo sinachule dzina la munthu, ndipo chifukwa cha ichi yense wa awiriwo anakhala ndi mpata wa kubwerera osagwa nkhope. Koma sinawakhululukire ai, pakuti inachula mazira, ndiwo ana ao amene anali ataleka kudyera pamodzi. Wamkuruyo ndiye anayamba kupita kwa nyakwawa kukapempha kuti akuru adzayese malo ndi chingwe. Anabzala nthochi pa malire atsopano. Sindinganene kuti akondana monga kale, koma zikwanje zinabwerera ku nchito yache, ndipo pa maliro akhala pa mphasa imodzi. Mai ameneyo sanalowe m'kalasi, koma anachita chimene Debora ndi Chimombo anachita: anatenga chinthu chimene onse anachiona m'mtsinje, nachiika pamaso pa anthu kuti adzionemo okha.

Chifukwa chache, abale, mukamva nyimbo ya mphepo kapena ya madzi, pamtondo, pa ulimba, pa wailesi kapena m'buku la mwana wanu, dzifunseni mafunso atatu. Mtsinje umenewu ndani? Mvula yache inagwera kuti, ndipo liti? Nanga wakokoloka ndani? Mukapeza kuti woimbayo ndi mlongo wanu kapena mpongozi wanu, ndipo mtsinjewo uli m'nyumba mwanu, musadikire kuti afike polankhula molunjika, pakuti munthu aphiphiritsa pamene njira zina zatsekeka. Inu akuru a mpingo ndi ankhoswe, nyimbo yotere muiyese belu loitana inu.

Kwa anyamata ndi atsikana amene alemba ndakatulo masiku ano, ndipo ndi ambiri, ndinena ichi. Musabwereke chipale chofewa cha m'mabuku a kunja, chimene simunachipondepo. Pitani ku Livunzu mvula itagwa kumapiri, muime patali pabwino, mupenye mtundu wa madzi, mumve fungo la matope, muone chimene chiyamba kufika, zinyalala kapena mkokomo. Lembani chimenecho moona, ndipo tanthauzo lidzadza lokha. Musaiwalenso kuti mtsinje wathu uli ndi manja awiri, lina lolanda ndi lina lopatsa. Ndakatulo yonena za kuononga kokha yanena theka la Shire. Ndipo inu aphunzitsi, khalani pansi ndi nkhalamba zimene zatsala, mulembe nyimbo zao m'kope pamodzi ndi mlandu umene unabala nyimbo iri yonse, pakuti chigayo chalanda nchito ya mtondo m'midzi yambiri, ndipo nyimbo zimenezo ziri kupita ndi eni ache.

Mitambo ikayamba kuunjikana pamwamba pa Thyolo, yense wa ife adziwa chochita: akweza mbeu pa nsanja, amanga bwato pa mtengo wolimba, achenjeza mnansi. Tichite chomwecho ndi milandu yathu isanatsike m'phiri. Ngati pali malire osayesedwa, ayesedwe mwezi uno, nthaka ikali youma. Ngati pali mau amene ananenedwa pa mowa chaka chatha, apite munthu akawabweze. Tsalani ndi mtendere, inu a kumphala ndi a kudimba, ndi inunso abale athu a kumapiri, amene timwa madzi amodzi.